Chinjira cha Nsalu ya ku Lyon

Amayi anga anatera ku Washington masamba a mitengo atayamba kufiira, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ine ndinali nditangobereka mwana wachiwiri, ndipo ntchito yanga yotayipa makalata mu ofesi ina mumzinda inkandidikira. Amuna anga ankagwira ntchito ku banki ina yaikulu ya mayiko, kuchoka m'mamawa, kubwera kutada. Tinkakhala ku Hyattsville, m'nyumba ya mafulati ya njerwa zofiira, ife tili pamwamba penipeni. Ndiye tinagwirizana kuti amayi abwere adzatilerere khandalo.

Muyambe mwawadziwa amayi angawo. Kwathu ku Thyolo ankagulitsa zitenje pamsika, ndipo anali munthu woti ngakhale m'tchalitchi abusa ankachita kuwayang'anitsitsa kuti atseke pakamwa. Kaulendo ka kuchigayo kankawathera m'mawa wonse chifukwa cha moni wa m'njira. Munthu wotereyu ndiye tinamutsekera m'kafulati ka zipinda ziwiri, pamodzi ndi khanda losadziwa kuyankha. Mwana wathu woyamba ankaweruka kusukulu madzulo, koma naye agogo ake akamulankhula Chichewa ankayankha m'Chingerezi, maso ali pa wailesi ya kanema.

Poyamba amayi anayesetsa ndithu. Akakumana ndi munthu pamasitepe ankaima n'kuwomba m'manja pang'ono, amvekere, "Mwadzuka bwanji?" Munthuyo ankangomwetulira ndi milomo yokha n'kuwalambalala ngati chithaphwi.

"Kodi iwe, muno muli maliro?" anandifunsa tsiku lina. "Aliyense watseka chitseko, aliyense wazolika. Wamwalira ndani?"

Ine ndinaseka, koma iwo sanaseke nane.

Chisanu chisanafike pachimake amayi anali atafota. Ndikabwera kuntchito ndinkawapeza atakhala pawindo, mwana ali kumbuyo, akuyang'ana magalimoto. Chakudya ankangochitola patali patali. Lamlungu tinkapita nawo ku mapemphero ku Lanham, kumene a Malawi ndi a Zambia tinkakumana, ndipo kumeneko ankatsitsimuka, n'kumanyogodola amayi a ku Lusaka kuti Chinyanja chawo anachiphika chosapsa. Koma Lamlungu limabwera kamodzi pasabata. Tsiku lina ndinapeza atatulutsa sutikesi yawo kunsi kwa bedi, aiika poonekera.

"Mwanayu akangoyamba kukhala pansi, ine ndizipita," anatero. "Ndisadzafere kuno ngati nkhuku ya m'chitatanga."

Mtima unandiwawa. Inde ndinkadandaula za wolera mwana, koma chimene chinkandisowetsa tulo n'chakuti amayi anga, munthu wa phokoso uja, ankazima ine ndikuona, ndipo amene ndinawaitanitsa ndinali ine.

Chimene chinawapulumutsa ndi chipinda chochapira zovala, kunsi kwenikweni kwa nyumbayo. Tsiku lina ali kumeneko ndi matewera, panafika mayi wachikulire wachizungu, wamfupi, wowonda, woyenda ndi ndodo, amene ankakhala yekha m'fulati ya pansi. Mayiyo anaima n'kumayang'ana mmene amayi anaberekera mwana. Kenaka anasendera pafupi, anagwira nsonga ya chitenje, anaitikita ndi zala, n'kuitembenuza kuti aone kuseri kwake.

Madzulo ake ndinalandiridwa ndi nkhaniyi ndisanavule n'komwe nsapato.

"Anatembenuza nsalu, iwe! Anafuna kuona ngati maluwa afika kuseri. Munthu wosadziwa nsalu satembenuza ayi. Adona amenewa ndi athu."

Mawa lake anakazinga mandasi, anawaika m'mbale, anavindikira ndi kansalu, n'kutsika nawo. Ine ndinati amayi musachite zimenezo, kuno sagogoda pakhomo pa munthu osapangana. Anandiyang'ana ngati ndalankhula zopepera. Dzuwa lisanalowe mbale ija inabwerera, muli mabisiketi a batala ophika okha adonawo.

"Waona? Mbale sanaibweze yopanda kanthu. Ameneyu analeredwa."

Kuyambira pamenepo amayi ankati akasambitsa mwana, ulendo wa pansi. Chimene ankakambirana musandifunse. Amayi Chingerezi chawo chinali cha moni basi, adona Chichewa ayi ndithu, ndipo akakhala ndi amayi ngakhale Chingerezicho ankachisiya n'kumalankhula Chifalansa chakwawo. Ndikadutsa pakhomopo ndinkamva aliyense akuthamangitsa chilankhulo chake, kenaka onse awiri phwete kuseka. Ndikafunsa kuti mumaseka chiyani, amayi ankati, "Nkhani za akuluakulu."

Loweruka lina mwana anafunika kuyamwa, ndiye ndinatsika kukawatenga. Abale inu, m'nyumbamo munali nsalu! Mawindo anali ndi makatani olemera otsika mpaka pansi, obiriwira mozilala, okhala ndi nthambi za mphesa zimene zinkaoneka ukaima uku, n'kubisala ukaima uko. Sofa inali yokutidwa ndi nsalu ya mizere ndi timaluwa. Pakhoma panali chinsalu chokhuthala cha mitengo ndi mtsinje, m'malo mwa chithunzi. Ndiye panali mpando wina wa miyendo yopindika, pokhalira pake atalukapo mtsikana woweta nkhosa.

Amayi ndinawapeza atakhala pansi, miyendo tambalale, mwana ali pamiyendo. Adona anandiuza m'Chingerezi kuti ayesa njira zonse kuti mlendo wawo akhale pampando wa ulemuwo, koma zakanika.

"Ine ndikhalire mwana wa eni pankhope?" anatero amayi nditawafunsa. "Ndi nkhosa zake zomwe? Asa!"

Mapeto ake adona ndi amene anatsika. Ankakhala pa kampando kopondapo miyendo, maondo ali m'mwamba, kuti mitu yawo ifanane.

Chokhacho chimene amayi ankawamvera chisoni anzawowo chinali kusuluka kwa zinthu. Ankati mwana wa adonawa ndi wotani, osawagulira mayi ake makatani atsopano? Anafika poluka tinsalu toyera ta koloshi, tija timayala pamitu ya mipando kwathu, kuti abise pamene nsalu inaperepeseka. Adona anatilandira ndi manja awiri n'kutiyala pomwepo. Ngati ankatichotsa amayi akatuluka, ine sindidziwa.

Loweruka lija ndi limene ndinamva mbiri ya adona. Anabadwira ku Lyon, mzinda wa owomba nsalu za silika ku France. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha anakwatiwa ndi msilikali wa ku America n'kuwoloka naye nyanja. Mwamunayo anali atamwalira kale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo ankakhala kutali kumadzulo kwa dzikolo. Kumtundu kwawo amuna onse anali owomba nsalu. Anati makina ake anali a matabwa, aatali ofika kudenga, ndipo pamwamba pake pankayenda mndandanda wa makadi obowolabowola amene ankauza ulusi uliwonse nthawi yokwera ndi yotsika. Anati ali kamtsikana ankagona ndi phokoso la makinawo, moti tsiku limene anawazimitsa analephera kugona.

Kenaka anadzuka ndi ndodo yawo, anatsegula dilowa ya pansi pa kabati, n'kutulutsa chinthu chokulungidwa m'shiti yoyera. Atachifunyulula patebulo, amayi anaimirira okha osauzidwa.

Inali nsalu yofiira modera ngati vinyo, yodzaza ndi madengu a maluwa ndi njiwa za mtundu wa golide wozilala. Adona anati anaiwomba ndi bambo a agogo awo. Munthu wina wolemera anaiitanitsa kuti akakute nayo makoma a chipinda chake, koma anamwalira asanaitenge yonse, ndiye chigawo ichi chinatsala m'banjamo. Makina akalewo ankatulutsa nsalu yopapatiza, choncho anali atalumikiza mizere iwiri m'litali ndi msoko woti sungauone. Nsaluyo inachoka kwa agogo kupita kwa mayi, kwa mayi kufika kwa iwo, ndipo palibe amene anaikhomapo pakhoma kapena kuikuta pampando. Onse ankangoitulutsa, kuiyang'ana, n'kuibwezera.

Zonsezi ndinawamasulira amayi, koma makutu awo anali atasamukira m'zala. Anaitikita, anainunkhiza, anaitembenuza.

"Ha! Taona iwe. Maluwa awa sanachite kudinda ayi, ndi ulusi wokhawokha wolowana. Kuseri kuno pofiira pali golide, pa golide pali pofiira. Amenewa anali amuna!"

Kenaka mwachizolowezi cha pamsika anagwira nsonga pamphuno n'kutambasula mkono, kuyeza. "Mayadi anayi," anatero motsitsa mawu. "Ya anthu awiri imeneyi." Ine mawu amenewo ndinawamva, koma ndinangoti ndi pakamwa pa wogulitsa zitenje.

Apa ndifotokoze za chinjira, poti si onse amene anakulira kwathu. Kumene ndimachokera, amayi awiri osakhala pachibale akakondana kwambiri amamanga ubwenzi wapadera. Umayamba ndi tinthu ting'onoting'ono, kambale ka ndiwo, kasopo, wina kupereka wina kubweza. Zikamakula mmodzi amapereka nsalu. Mnzakeyo akabweza nsalu, ndiye kuti wavomera. Akatero amadula nsalu imodzi n'kuvala zofanana kuti mudzi wonse uone, ndipo kuyambira tsiku limenelo saitananso maina, amangoti anjira.

Pa Khirisimasi amayi anatulutsa chitenje chawo chapamtima, cha Java, chimene anali asanachivalepo, n'kukawapatsa adona. Chaka chatsopano chitangolowa, ine ndili kuntchito, adona anawaitana amayi n'kuwaika m'manja nsalu ya mu dilowa ija, shiti yake yomwe. Amayi sanandiuze kanthu. Ankafuna kuti ndidzaone zinthu zitatha. Masana onse mwana akagona ankatulutsa singano, ndipo ndikamabwera ankabisa kunsi kwa pilo.

Madzulo ena ndikukwera masitepe ndi majumbo a kusitolo, ndinakumana nawo akutsika. Anali atavala bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi, duku lomanga bwino, ndipo m'chiuno anali atamanga chitenje chofiira ngati vinyo, njiwa za golide zikung'anima pa magetsi a m'kanjira. M'manja awiri ananyamula china chofanana nacho, chopindidwa bwinobwino.

Majumbo anandipulumuka. Malalanje anagubuduka masitepe onse.

"Amayi! Mwatani? Mwadula?"

"Nanga ikanavalika bwanji yonse ija? Tiye ukandimasulire, usangoti kukamwa yasa."

Ndinayesa kuwagwira mkono koma anali atatsika kale, ndipo amayi anga akanyamuka sabwezeka. Ndinawapeza atagogoda. Adona anatsegula akumwetulira. Amayi anagwada pakhomo pomwepo, ananyamula nsalu ija m'mwamba, nkhope ili ngwee, amvekere, "Anjira anga, nayi yanu. Yanga ndi iyi ndavalayi."

Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono. Adona anayang'ana m'chiuno mwa amayi, anayang'ana m'manja mwawo. Anatenga nsaluyo n'kuifunyulula mpaka anafika pampendero watsopano. Amayi anali ataipinda pakati n'kudutsa ndi sizasi mmene amachitira pamsika, ndipo sizasiyo inadutsa pakati pa dengu la maluwa n'kudula phiko la njiwa. Adona anagwira pakamwa. Analankhula mawu ochepa a Chifalansa, osati kwa ife, misozi ikutsika. Kenaka anabwerera m'mbuyo ndi nsalu yawo n'kutseka chitseko. Sanachimenyetse, anangochitseka bwinobwino, ndipo tinamva loko akulira.

Amayi anatsala chigwadire.

Titakwera ndinawakalipira, ndisaname, poti ine ndi mwana wawo ndipo pakamwa ndinatengera iwo omwe. Ndinati nsalu imeneyo si yovala, ndi ya pakhoma, ndiponso si ya pakhoma wamba, ndi manja a makolo awo, chinthu chokhacho chimene anatsala nacho cha kwawo. Ndinati mibadwo itatu inaopa kuikhudza ndi sizasi, inu mwangofika n'kuipanga phwee ngati Java wa pa Luchenza.

Poyamba anayesa kulimba. "Nsalu ndi yovala. Yogona mu dilowa ili ndi ntchito yanji? Ndipo anandipatsa okha. Munthu akakubwezera nsalu ndiye kuti akutanthauza chiyani?"

"Kwathu, amayi! Kwathu! Kuno sadziwa chinjira."

Amayi anamasula chitenje chija pang'onopang'ono, anachipinda, anachiika patebulo, n'kukhala pansi atatsamira khoma.

"Ndiye kuti ndawaphera agogo awo kachiwiri," anatero. "Mayo ine. Ndimati ndikuwalemekeza."

Ukali wanga unathera pomwepo. Sindinawaonepo amayi anga atachepa chonchija.

Masiku otsatira m'nyumba munali zii. Amayi sankatsika, ngakhale kochapa ankandituma ine. Kudya anasiya, ankangomwa tiyi. Sutikesi ija, imene inali itabwerera kunsi kwa bedi osatsanzika, inatulukanso, ndipo ulendo uno anayamba kulongedzamo. Ankati m'dziko limene ulemu wako umasanduka chipongwe, munthu sukhalamo. Amuna anga anati tigule khadi lopepesera tikalilowetse kunsi kwa chitseko, ndi mmene amachitira kuno.

"Bambo," anatero amayi, atayang'ana kumbali monga amachitira ndi mkamwini, "kupepesa kwa papepala ndi kwa ana asukulu. Madzi akatayika saoleka, koma munthu umapitabe ndi nkhuku. Ine nkhope yopitira ndilibe. Apite mnzanuyu."

Ndi mmene ndinasandukira nkhoswe ya amayi anga ondibala. Nkhuku yamoyo ku Hyattsville ukanaipeza kuti? Tinagula ya mufiriji, amayi anaiwotcha okha mosamala ngati ya ukwati, ndipo ine ndinatsika nayo.

Adona anatsegula, anayang'ana nkhuku, anandiyang'ana ine, n'kundilola kulowa. M'nyumbamo ndinachita kusokonezeka. Makatani anali atatsitsidwa, mawindo ali mbee. Chinsalu cha mitengo chinali chitachoka pakhoma, patatsala chilembo cha makona anayi. Paliponse panali makatoni.

Anandiuza kuti anagwa kubafa mwezi wathawo, ndipo mwana wawo analamula kuti asakhalenso okha. Anali atawapezera malo ku nyumba yosungirako okalamba, kutsidya lina la mzinda. Kumeneko munthu amaloledwa sutikesi ndi kampando kamodzi. Zina zonse, mipando, makatani, zinali zoti abwere ogula zinthu zakale adzatenge.

"Nsalu ija sindinafune kuti igwe m'manja mwa amalonda," anatero. "Ndinafuna ipite kwa munthu amene amaitembenuza kuti aone kuseri. Ndimatsanzikana nayo, ndimatsanzikananso ndi mayi ako. Ndiye iwo akuibweretsa yoduladula." Anagogoda pansi ndi ndodo. "Ndakwiya. Usakawauze kuti sindinakwiye."

Ndinati sindikawanamiza. Koma ndinapempha kuti andilole ndifotokoze chimene amayi ankatanthauza. Chingerezi changa, chimene ndinkatayipa nacho makalata a mabwana tsiku ndi tsiku, chinandithawa. Ndinati si mnzako wamba, si m'bale, ndi munthu amene wamusankha wekha kuti akhale woposa m'bale. Ndinati nsalu imadulidwa kuti aliyense woona adziwe kuti awiriwa ndi amodzi. Ndinati mnjira wako ukadwala amabwera kudzakudwazika, ndipo ukamwalira ndi iye amene amakhala kumutu n'kuyambitsa kulira.

Adona anamvetsera atayang'ana pawindo lopanda katani.

"Amabwera akafuna, kapena amayenera kubwera?"

"Amayenera. Akapanda kubwera mudzi wonse umamuseka."

"Ngakhale kutali? Kumene ndikupita ndi mabasi awiri."

"Kwathu amayenda wapansi tsiku lonse."

Anandiuza kuti ndiike nkhuku kukhitchini, n'kunditsegulira chitseko. Nditakwera ndinapeza amayi ataima pamwamba pa masitepe. Ndinawauza zonse, za kugwa, za makatoni, za kukwiya komwe.

"Nkhuku alandira?"

"Alandira."

"Mbale abweza?"

"Ayi."

Amayi anapukusa mutu n'kulowa kuchipinda. Mbaleyo sinabwere mawa lake, ngakhale mkuja wake. Tinkaona pawindo anthu akutulutsa sofa, kabati, ndi mpando wa mtsikana woweta nkhosa uja, atauzondotsa miyendo m'mwamba. Amayi anauza amuna anga kuti afunse za ndege.

Tsiku losamuka linali Loweruka, kunja kukugwa chipale chofewa. Galimoto ya mwana wa adona inali itaima pakhomo. Tili pa tiyi tinamva kugogoda kwa ndodo pamasitepe, pang'onopang'ono, kupuma, kenaka kuyambiranso. Adona anali asanakwerepo kwathu chiyambire, poti miyendo yawo sinkalola. Nditatsegula ndinawapeza akupuma mwabefu, dzanja lina ndodo, lina mbale yathu, muli mabisiketi. Anali atavala chijasi chakuda, ndipo pamwamba pa chijasicho anali atazunguliza nsalu yofiira ija, ataigwiriza ndi mapini, mbali ina ikukhwekhwereka pansi.

"Uwauze mayi ako kuti ndikadali wokwiya," anatero kwa ine. "Uwauzenso kuti chinthu ichi chikugwa. Adzandimange."

Sindinamalize n'komwe kumasulira. Amayi anali atafika kale, akuzula mapini aja mmodzimmodzi, pakamwa patatseguka ngati kale.

"Ogo! Kumanga kwake kumeneku? Ngati mtolo wa nkhuni! Ndipo mapini pansalu yotere, mukufuna muiboole? Kwezani manja. Kwezani manja, anjira, musandivute."

Adona anakweza manja ngati mwana wovekedwa, akuyankha zawo m'Chifalansa mokalipa ndithu. Amayi anakokera, anapinda, anasomeka nsonga m'chiuno, n'kuwamenya kambama kachikondi pathako. Kenaka anathamangira kuchipinda n'kutuluka atavala yawo. Anatsika masitepe atagwirana mikono, onse awiri akulira, onse awiri akulongolola, ndipo mwana wa adona anangoima pagalimoto atagwira chitseko, osadziwa kuti ayang'ane kuti.

Za ndege sizinamvekenso. Amayi anga, amene ankaopa chikepe ndipo sankadziwa kuwerenga zikwangwani za Chingerezi, anaphunzira mabasi awiri aja. Ndinawaperekeza kawiri kokha, kachitatu anandibweza. Ankazindikira potsikira ndi tchalitchi cha denga lobiriwira. Lachitatu lililonse ankabereka mwana, kumanga chitenje chofiira, kunyamula phala la mtedza mu fulasiki, ulendo. Anamwino a kumeneko anawazolowera. Amayi ankawapeza adona atakhala pa njinga ya olumala, nsalu yawo ili pamaondo, ndipo chinthu choyamba chinali kuwakalipira kuti aimanga molakwika. Ankawapesa tsitsi, kuwadzoza mafuta m'miyendo, kuwamwetsa phala ndi supuni. Ine silika uja ndinkamumvera chisoni, poti anayamba kutha m'mapindiro ndi kukwera mabasi, koma ndinaphunzira kutseka pakamwa.

Anayenda choncho chaka chathunthu ndi miyezi ingapo, mwana mpaka anayamba kuyenda yekha m'makonde a nyumba ya okalambayo. Kenaka m'mawa wina foni inalira. Anali mwana wa adona, kutiuza kuti mayi ake atisiya, ndipo anamwino amuuza kuti pali mayi wina wa ku Africa amene ayenera kudziwitsidwa.

Kumanda tinalipo anthu owerengeka: mwana wa adona uja, wansembe, namwino mmodzi, amuna a kampani yoika maliro, amayi ndi ine. Amayi anali ataonetsetsa kuti nsalu ya adona yalowa nawo m'bokosi, ndipo anaimanga okha. Yawo anavala. M'galimoto ndinali nditawachenjeza kuti kuno salira mokweza, anthu amangopukuta m'maso ndi kampango. Anangoti, "Ndamva."

Wansembe atatseka buku, kunali zii, kumangomveka magalimoto a mumsewu. Amayi anasendera kumutu kwa bokosi, anakhala pansi pa udzu wonyowa, anaika manja kumutu, n'kuyamba.

"Anjira anga ine! Anjira anga mayo! Mwandisiya ndi yani kudziko la eni? Adzanditsegulira chitseko ndani ine?"

Mawu awo anamveka manda onse. Wansembe anadzidzimuka. Mmodzi wa amuna a kampani aja anabwera kwa ine mwaulemu n'kundinong'oneza kuti mwina ndiwatengere mayiwo kugalimoto akapume. Ndinali nditayamba kale kusuntha, manyazi atandigwira, pamene mwana wa adona anatambasula dzanja n'kumuletsa. Mwanayo anali bambo wamkulu wa imvi, amene chifikireni anali atangouma ngati mtengo, koma tsopano nkhope yake inali itanyowa.

"Asiyeni," anatero. "Palibenso wina amene akuwalira mayi anga."

Ndinavula nsapato zanga zazitali zija, ndinakakhala pa udzu pambali pa amayi, ndipo tinalira awiri mpaka bokosi linatsika.